Wailesi Inagona M'fodya

Pa msika wa Nsaru, kumapeto kwa mzere wa ogulitsa nyemba, pamakhala mayi wina wamfupi, wa maso ofatsa, wogulitsa nandolo. Kuno nandolo si ndiwo zimene anthu anakulira, koma mayiyu anawazoloweza mpaka ena amachita kuitanitsa msika usanafike. Dzina lawo ndi Eunice Nakoma, ngakhale ambiri amangoti amake Zione. Amayeza ndi kambale kamodzi komweko chaka ndi chaka, ndipo basela amaika wogula asanapemphe.

A Eunice anabadwira ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi, m'banja la ana ambiri ndi munda wochepa. Sukulu anangoyilawa. Ali mu Sitandade 1, amayi awo anabereka mapasa, pakhomo panafunika msana wachiwiri woberekera, ndipo msanawo unali wa Eunice. Cha kusukulu chimene anatsala nacho ndi nyimbo ya a, e, i, o, u. Kuyimba ankayimba bwino, koma zilembozo akaziona papepala sankadziwa kuti a ndi uti, u ndi uti.

Atakula anakwatiwa ndi Henderson, mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, wolimbikira koma wopanda malo olima. Chaka china kunabwera lole yofuna anthu okalima fodya kuchigawo chapakati. Anakwera ndi mphasa, mapoto awiri, kathumba ka mbewu ya nandolo ndi kamwana kawo Zione. Lole inakawatsitsa pa esiteti ina kumadzulo kwa Nsaru, ndipo kapitao anawalozera nyumba yaudzu pakomboni, pamzere wa matenanti ena ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Kusadziwa kuwerenga a Eunice anakubisa ngati chilonda cha m'khwapa. Kutchalitchi ankatsegula buku la nyimbo n'kumayimba za pamtima, diso lili pa mnzawo kuti aone nthawi yotembenuza tsamba. Uthenga ukabwera pafoni ankati maso akuwavuta ndi utsi. Amene ankadziwa ndi Henderson yekha, ndipo iye sankaona kuti ndi nkhani.

Anthu a m'mudzi wa pafupi ndi esitetiyo sanali ankhanza. Maliro akagwa kukomboni ankabwera, ufa ankasonkha. Koma pamjigo ndowa ya tenanti inkadziwa malo ake, kumbuyo, ndipo mawu oti "obwera" ankatuluka mosavuta ngati moni.

Mu 2020, fodya ali m'zigafa, masukulu anatsekedwa chifukwa cha kolona. Kapitao sanabise chimwemwe chake, poti manja osoka fodya anali atachuluka. Zione anali mu Sitandade 4, mwana wowerenga chilichonse chimene chadutsa pamaso pake: matumba a feteleza, kumbuyo kwa maminibasi, ngakhale pepala lokulungira usipa. Mwezi usanathe zala zake zinada bii ndi utomoni wa masamba, ndipo amayi ake ankati akamuyang'ana, ankaona kamtsikana kena ka ku Phalombe kali ndi khanda kumsana, anzake akudutsa ndi makope.

Tsiku lina pamjigo anamva kuti ana a m'mudzi akuphunzira pa wailesi. Amayi a gulu la pasukulu anali atasonkherana soya n'kugula wailesi ya sola, ndipo inkayenda khomo ndi khomo. Madzulo ake a Eunice anathira nandolo m'kabeseni, anavala chitenje chabwino, napita kwa a Tabita, amene ankatsogolera gululo.

A Tabita anali mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo, wophika mandasi. Anawapeza pakhonde akuswa mtedza ndi mnzawo, aNaphiri.

"Ndamva kuti ana akuphunzira," anatero a Eunice atakhala pansi n'kupereka moni. "Ndimati Zione wanga naye azikhalako, ngakhale kumapeto."

A Tabita anayang'ana m'kabesenimo. "Vuto la inu matenanti, fodya akangopita ku okushoni, mwakwera lole. Tizolowerane lero, mawa pakhomo pamera bonongwe."

"Ife takhalitsa, amayi. Wachiwiri wanga anabadwira konkuno."

"Wailesi yake si yongomvera ngati ya maliro ayi," analowererapo aNaphiri, akutaya makoko. "Imatuma. Aphunzitsi a m'menemo akati kholo lembani, kholo limalemba. Nanga kukomboni kwanuko alipo woti n'kugwira khala? Kapena muzilemba ndi kalongonda?"

Anaseka awiriwo. A Tabita anafotokoza dongosolo lake. Mwana akalowa m'gulu, khomo lakenso lalowa. Phunziro la m'mawa likatha, wailesi imapita kunyumba ya mawa lake, ndipo mwini khomo amayiika padzuwa masana onse kuti idye moto. Kukacha amasesa bwalo, amakonza mpondagiya woti ana asambe m'manja, amawakhazika motalikirana, kenako amaima pafupi ndi kabolodi n'kumachita zimene wailesi yanena.

"Mumalemba, eti?" anafunsa a Tabita.

A Eunice anaona aNaphiri atasiya kuswa mtedza, akudikira yankho ndi kukamwa kokonzeka kale kuseka.

"Eee, ndimalemba."

Mawuwo anatuluka okha. Pobwerera kukomboni, kabeseni kali kopanda kanthu m'manja, ankawamva akuwatsatira m'mbuyo.

Masabata otsatira Zione anasintha ngati chimanga chothiridwa feteleza. Bambo ake anachonderera kapitao kuti mwanayo azifika kuchigafa dzuwa litakwera, ndipo ankafika akuyimba. Ankafotokoza zonse, akumanga timitolo ta fodya pafupi ndi amayi ake.

"Lero tinali kwa amake Mayamiko. A Tabita dzulo anajambula nsomba, koma inaoneka ngati chinangwa. Tinaseka mpaka anatiopseza ndi chikho. Ama, tsiku lathu likubwera. Inu mudzajambula bwino, eti?"

"Manga fodyayo, ukuchedwa."

Makomo ankatha limodzi limodzi, wailesi ikuyandikira komboni. Masana ena pa nthawi yopuma, a Eunice anakokera Henderson kuseri kwa chigafa kuti awaphunzitse. Iye analemba pansi ndi kamtengo, iwo n'kumatsanzira. Chilembo choyenera kuyang'ana kumanja chinkatuluka chitayang'ana kumanzere. Chimene agwira lero, mawa chathawa.

"Ingowauzani, amake Zione," anatero Henderson akufufuta ndi phazi. "Kusawerenga si kuba."

"Kuti aNaphiri akalengeze pamjigo? Aziti tinanena, matenanti ndi makasu basi? Zione aziyenda bwanji pakati pa anzake?"

"Ndiye mutani?"

A Eunice anabwerera m'chigafa.

Wailesi inafika ndi Zione mwini, ataikumbatira pachifuwa ngati mwana wa mbuzi. Inali yabuluu, ya chogwirira pamwamba, kumsana kwake kuli kagalasi kakuda kodyera dzuwa. Mtsikanayo anayiika pathandala, anaitembenuza kuti iyang'ane bwino kumwamba, nathamangira kukatola nkhuni ndi anzake.

Tsikulo kunali timitambo ta mu Juni, dzuwa likutuluka n'kubisala. A Eunice anaima nthawi yaitali akuyang'ana wailesiyo. Anadziona ataima pabwalo, khala lili m'manja, ana a eni mudzi atawayang'ana, mawu a m'wailesi akudikira. Kenako anayang'ana uku ndi uku, anaikulunga m'chitenje, nalowa nayo m'chigafa.

Pakona panali mulu wa fodya wosankhasankha kale, wofunditsidwa pulasitiki ndi ziguduli kuti asaume n'kuyamba kuthetheka asanamangidwe m'mabelo. M'katimo munali mofunda ndi mwamdima. Anapatula timitolo, analowetsa wailesi, nabwezera zonse m'malo mwake. Dzuwa litapendeka anakaitenga n'kuibwezera pathandala, Zione asanafike ndi nkhuni.

Kutacha anakonza pakhomo kuposa mmene ankakonzera pa Khirisimasi. Anasesa mpaka kuseri, anawaza madzi kuti fumbi ligone, anaphika mbatata. Ana anafika, anasamba m'manja, anakhala pa timatumba tawo. Zione anatsegula wailesi, nkhope ikuwala. Nyimbo yoyambira inalira, ana anayimba nawo. Aphunzitsi anapereka moni, anatchula mutu wa phunziro, mawu anayamba kuchepa, kukanda, kenako zii.

Zione anaigwedeza, anaimenya pang'ono m'mbali. Palibe.

"Ndi mitambo ya dzulo ija," anatero a Eunice. "Idyani mbatata, muzipita."

Mtima unatsika pansi ngati atula mtolo. Koma ana atabalalika, anaona Zione akunyamula kabolodi kaja kali koyera, kopanda cholembedwapo.

Palibe amene anakayika. Mitambo aliyense anaiona. A Eunice analonjeza mumtima kuti wailesi isanazungulirenso, akawauza a Tabita zoona. Ankati mawa, mawa likafika ankati fodya wachuluka. Ulendo wina ananyamukadi, koma panjira anakumana ndi aNaphiri atasenza thumba la kuchigayo.

"Aphunzitsi a ku Phalombe! Paja ulendo watha munapulumukira mitambo. Mkuja ndi kwanu, tidzamve kuti ana aphunzira Chilomwe."

A Eunice anaseka nawo, anati amapita kukagula mchere, nabwerera.

Wailesi itabweranso kachiwiri, kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo kongonamizira. Dzuwa linali loti n'kuumitsa ufa mphindi zochepa. Komabe miyendo inawatengera kuchigafa. Atagwada pa mulu uja, chiguduli chili m'dzanja limodzi, wailesi m'dzanja lina, kuwala kwa pakhomo kunachepa. Anatembenuka. Zione anali ataima pamenepo ndi chingwe chomangira nkhuni chimene anabwerera kudzatenga.

Anayang'anana. Mwanayo anayang'ana wailesi, anayang'ana amayi ake, kenako anatembenuka n'kumapita. Sanafunse kanthu, madzulo ake ngakhale m'mawa mwake. Akadafunsa mwina zikadatha pomwepo. Wailesi inakhala m'fodya mpaka dzuwa kulowa.

M'mawa inafa nyimbo yoyambira isanathe.

"Kwa Zione kokhakokha!" anakuwa mwana wa aNaphiri. "Amamvera nyimbo ameneyu. Amavina yekha kuseri, ife tiziluza sukulu."

Ana ena anaombera m'manja, nkhani inathamanga kukafika m'mudzi iwo asanafike. Masana omwewo uthenga unabwera woti amake Zione apite kwa a Tabita pamodzi ndi mwana.

Anapeza amayi a gulu atakhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pakati pa mphasa. Ana anali atathamangitsidwa, koma ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe.

"Dzulo dzuwa linawala kapena silinawale?" anayamba a Tabita.

"Linawala," anayankha a Eunice, maso ali pansi.

"Makomo onse wailesi imagwira ntchito mpaka phunziro kutha. Ikafika kwanu yafa. Soya wathu tinasonkha kuti ana aphunzire, osati kuti komboni izivina. Iwe Zione, tayang'ana kuno. Unatsegula wailesi iyi dzulo?"

Zione anali atagwada pambali pa amayi ake, manja ali pamaondo. Sanayang'ane a Tabita. Anatembenuza mutu pang'ono n'kuyang'ana amayi ake, mosapempha, mosakwiya, kungodikira. A Eunice anamva thukuta likutsika kumsana. Mawu anali pafupi, ochepa chabe, koma aNaphiri anali atakhala moyang'anizana nawo, ndipo kumbuyo kwa aNaphiri kunali mudzi wonse, mjigo, tchalitchi, chigayo.

Anayang'ana mphasa.

"Ndinamvera pang'ono," anatero Zione ndi mawu aang'ono.

"Mwamva!" anatero aNaphiri akuomba m'manja kamodzi. "Kamwana kooneka kofatsa, m'kati muli njoka. Ine ndinanena pachiyambi."

Amayi ena anang'ung'udza. Wina anati mwana ndi mwana, akhululukidwe. Wina anati kawiri si ngozi. Mapeto ake a Tabita anagamula kuti wailesi sidzapitanso kukomboni, ndipo poti khomo latuluka m'gulu, mwana wa khomolo watulukanso.

"Muli ndi mawu, amake Zione?"

Apa ndi pamene a Eunice amati akakumbukira mpaka lero amasiya chimene akuchita. Anawerama, anaomba m'manja mwaulemu, nati, "Pepani, amayi. Ana a masiku ano ndi osamva. Ndikamulangiza."

Pobwerera Zione anali patsogolo, iwo m'mbuyo. Njira ya kukomboni imadutsa m'munda wa esiteti, ndipo nthawi imeneyo munali mapesi a fodya okhaokha, opanda tsamba, oti munthu sangabisalemo. Ankayang'ana timapewa ta mwana wawo, ndi kadiresi ka sukulu kamene ankavala tsiku lililonse la phunziro ngakhale panalibe wowauza kutero. Anafuna kumuitana. Akamuitana anene chiyani?

Kuyambira mawa lake Zione anabwerera kuchigafa kuyambira m'mamawa. Kapitao anati, "Aphunzitsi abwerako? Zili bwino, fodya sasowa wophunzira." Mwanayo ankagwira ntchito mwachangu, osadandaula. Amayi ake akamutuma ankapita, akamupatsa chakudya ankadya. Koma nkhani zija zinatha. Nthawi ya phunziro ikakwana, dzuwa likafika pa mzati wachiwiri wa chigafa, milomo yake inkayenda yokha, kuyimba nyimbo yoyambira ija popanda mawu. Pamjigo ana a m'mudzi anamupatsa dzina loti Dijeyi, ndipo anayamba kukatunga madzi masana, pamene pamjigo palibe anthu.

"Mwana uyu watani?" anafunsa Henderson. "Zoti anamvera nyimbo ine sindikuzimvetsa. Anamvera nthawi yanji, ife tili kuti?"

"Musiyeni," anatero a Eunice, natuluka panja ngati pali chimene aiwala.

Sabata isanathe, m'mawa wina phunziro litatha kumudzi, pakhomo la chigafa panamveka odi wamphamvu. Anali a Tabita, atanyamula kanthu m'chitenje. Sanakhale pansi. Anauza Zione kuti apite akawatungire madzi akumwa, ndipo anadikira mpaka mwanayo atapota pakona.

Anamasula chitenje, natulutsa wailesi.

"Tanunkhizani."

A Eunice anaiyandikiza kumphuno. Sanamve kalikonse.

"Simungamve, mumagona momwemo, mumadya momwemo. Ine fodya ndinasiya kulima kalekale. Wailesi iyi itagona kwanga tsiku lija, nyumba yonse inanunkha chigafa. Bambo a kwathu anayetsemula mpaka anayamba kuopa kuti ndi matenda aja. Ndinati mwina ndi fungo la kukomboni chabe. Ndiye lero ndimaipukuta."

Anaitembenuza, anaigogoda pachikhatho. M'timabowo totulukira mawu munagwa tizidutswa tofiirira.

"Uyu ndi fodya wouma, wosankha kale. Wailesi ya pathandala imalowa fumbi, silowa fodya. Ndipo mwana wofuna nyimbo sakwirira wailesi pansi pa mulu, angamve bwanji?" Maso awo anapita pakona, pa ziguduli zija. "Amake Zione, ndinu munthu wamkulu. Inalowa bwanji m'menemo?"

A Eunice anakhala pansi pa belo.

"Sindidziwa kulemba, amayi."

"Mwati?"

"Sindidziwa kulemba. Ngakhale dzina langa. Ndinakunamizani tsiku lija."

A Tabita anapuma mwamphamvu. Atayankhula, mawu awo anali otsika, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

"Zokhazo? Ana a makomo onse aluza maphunziro kawiri chifukwa cha zokhazo? Mukuganiza kuti amake Mayamiko amalemba? Tsiku lawo amalemba ndi Ester, mtsikana wa Fomu 2 uja, iwo ntchito yawo n'kuthamangitsa nkhuku. Mukadanena tikadakutumizirani yemweyo."

"Sindinkadziwa. Masiku a anzanga ine ndimakhala muno."

"Simunafunse. Koma zimenezo zisiyeni, si zimene zandibweretsa. Mwana uja anadziwa?"

"Anandiona."

"Anakuonani." A Tabita anagwira pakamwa. "Ndiye kamwana kaja kanagwada pamphasa panga, kakudziwa, inu muli pambali pake, ine n'kumakakalipira pamaso pa anthu? Mwandichimwitsa, mayi inu. N'kuti mukamulangiza! Mumulangize chiyani?"

A Eunice sanathe kudzutsa mutu. Misozi inkagwera pa chiguduli n'kulowa osaoneka.

"Mubwezeni m'gulu, amayi. Ine ndichitireni chilichonse."

"Ine ndekha sindingamubweze. Anachotsedwa ndi gulu, anthu akumva. Ndikangomubweza mwakachetechete, dzina la Dijeyi limutsata mpaka ku sekondale, ndipo aNaphiri aziti ndadya nandolo. Zimene zinanenedwa pansi pa mango zikakonzedwe pansi pa mango. Mawa phunziro lili kwanga, amayi adzabwera likatha. Ine sindikakunenerani. Mukafuna bwerani, mukapanda kufuna khalani ndi fodya wanu."

Zione anafika ndi kapu ya madzi. A Tabita anamwa, anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, anamukonza kolala ya diresi, natuluka.

Madzulo a tsikulo a Eunice anauza Henderson zonse. Iye anangopukusa mutu, nati akapempha kapitao kuti mawa awamasule. Kwa Zione sananene zambiri. Anangoti, "Mawa uvale diresi ya sukulu."

Anafika ana asanabalalike, monga mmene anafunira. A Tabita atafuna kuwathamangitsa, a Eunice anati, "Asiyeni amve nawo. Ndi amene akumutcha dzina."

Sanakhale pamphasa. Anagwada pa dothi, kutsogolo kwa amayi onse, Zione ataima kumbuyo kwawo.

"Ndabwera kudzanena kuti mwana uyu sanatsegule wailesi. Ndine ndinaibisa m'fodya kuti isadye dzuwa, maulendo onse awiri. Ndinkaopa khala. Sukulu sindinapite, kulemba sindidziwa, ndipo nditafunsidwa ndinanama. Tsiku lija mwana anavomera mlandu kuti anditchinge ine, ine n'kukhala chete. Ana inu, ndinakudyerani maphunziro anu. Zione sanalakwe."

Mawu anathera pomwepo. Mwana wina anayamba kuseka, amake anamutsina.

"Ha!" anatero aNaphiri. "Aphunzitsi a ku Phalombe! Ndiye mitambo ija inali ya m'chigafa?"

Ena anaseka, ndipo a Eunice anakulandira kusekako ali chogwada, makutu akutentha. Anali atakuopa miyezi yonseyi, ndipo kunawawa monga mmene ankaganizira.

"Inunso aNaphiri pakamwa panu mpomwe panayambitsa," anatero amake Mayamiko, mayi wosayankhulayankhula. "Munthu wabwera kudzapempha, inu mwayamba ndi kalongonda. Ine mukadandifunsa choncho pagulu, nanenso ndikadati ndimalemba."

"Ndiye mukadakwirira wailesi?"

"Zimenezo ayi."

Anakambirana nthawi ndithu. Ena ankati mwana abwerere koma wailesi isapondenso kukomboni, poti wonama kamodzi sadziwika polekera. A Tabita anati khomo lopanda tsiku lake ndiye kuti mwana wake ndi mlendo m'gulu, azingokhala ngati wopemphetsa. Anagwirizana kuti Zione abwerere mawa lomwe, ndipo wailesi ipitenso kukomboni ulendo umodzi woyesera. Ikafa, basi.

A Tabita anaitana mwana wa aNaphiri, namuuza kuti dzina lija alimeze pomwepo. Kenako anatembenukira kwa Zione. "Iwe, ndinakukalipira pachabe. Wamva? Ukadzaonanso zotere uzinena, ngakhale ali amako."

"Ndamva," anatero Zione, koma anali akuyang'ana fumbi la m'maondo a amayi ake.

Nkhani inafika pamjigo iwo asanafike kunyumba. Kwa masabata angapo, a Eunice akatulukira ndi ndowa, wina ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Kodi lero kuli mitambo?" Kukomboni nako amayi anzawo anawadandaula kuti awachititsa manyazi onse. Kutchalitchi anasiya kutenga buku la nyimbo. Ankaima manja ali pamimba, n'kumayimba choncho.

Tsiku lawo litayandikira, a Tabita anafunsa ngati atumize Ester. A Eunice anafunsa Zione, ndipo mwanayo anati, "Ndilemba ndekha."

Wailesi inakhala padenga masana onse, pamalo oti aliyense wodutsa aione, ndipo a Eunice anasankhira fodya panja kuti diso likhale pomwepo. Poitsitsa inali yotentha ngati mwala wa pamoto.

M'mawa ana anabwera, ndipo aNaphiri nawo anabwera, akuti amangodutsa. Anakhala pa mtondo wogwetsa, manja atapinda. Nyimbo inalira mpaka kumapeto. Aphunzitsi anapereka moni ndi mawu amphamvu, ana anayankha.

"Tsopano kholo, tengani choko kapena khala, mulembe mawu awa pamene ana onse angaone."

Mitu yonse inatembenukira kwa a Eunice. Iwo anatola khala pa mbale, anadutsa pakati pa ana, nalipereka kwa Zione ndi manja awiri, monga mmene munthu amaperekera chinthu kwa wamkulu. Mwanayo anaimirira, anapita pa kabolodi, nalemba mawu aja limodzi limodzi pamene wailesi inkawatchula, lilime lili pakona pa mlomo.

"Kholo, onetsetsani kuti mawu onse alembedwa molondola tisanapitirire."

A Eunice anayang'ana kabolodiko. Anaona timizere takuda, tina toimirira, tina topindika, tooneka bwino ngati mizere ya nazale. Nkhope inawatentha. ANaphiri anatsokomola pa mtondo paja.

"Ana inu," anatero a Eunice, "ine sindingaone. Tandiuzani, walondola kodi?"

Ana anawerenga mokweza, onse pamodzi, mawu ndi mawu.

"Walondola!"

"Chachitatucho wachita kupendeketsa," anatero aNaphiri, "koma n'chomwecho."

Zione anafufuta chilembo chimodzi ndi chala, anachilembanso chowongoka, nakhala pansi pakati pa anzake. Aphunzitsi a m'wailesi anali atayamba kale funso lotsatira, ndipo dzanja lake linali m'mwamba.